Pikapu ikunjenjemera ikamakoka ngolo yodzaza, koma ikakhala yokha ikuyenda bwino

Mlimi wa ku Kamwendo analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka inu amene mumakonza magalimoto ndi amene mwakhalitsa pa chiwongolero. Ndili ndi pikapu ya dizilo ya double cab, ya magiya asanu osintha ndi dzanja, yomwe yayenda makilomita opitirira 240,000. Nyengo yokolola ikafika ndimaimangirira ngolo ya ekiselo imodzi n'kumatutira soya ndi mtedza kuchoka kwathu ku Mchinji kupita ku Kanengo. Ngoloyo ili ndi mabuleki aja ogwira okha galimoto ikamachepetsa liwiro, ndipo nthawi zambiri ndimapakiramo matumba 20 a makilogalamu 50, kuwonjezera pa matumba 6 amene ndimaika kumbuyo kwa pikapuyo.

Vuto linayamba mwezi watha. Ndikafika pa liwiro la makilomita 65 mpaka 80 pa ola, pansi pa mpando pamayamba kunjenjemera kofulumira kwambiri, kofanana ndi momwe simenti ya m'chigayo imachitira chigayocho chikamagaya. Galasi loonera kumbuyo limachita mbuu moti sinditha kusiyanitsa minibasi ndi lole, ndipo makobidi amene ndimasunga pafupi ndi giya amalira okha. Chiwongolero sichigwedezeka kwenikweni. Pa chitunda, ndikaponda moto, kunjenjemerako kumakula, ndiponso ponyamuka pamakhala kugwedezeka kwina kwa kanthawi kochepa galimoto isanathamange. Chondidabwitsa n'chakuti pobwerera, ngolo ili yopanda kanthu, ndimadutsa pa Msundwe ndi pa Namitete pa liwiro lomwelo osamva chilichonse.

Ndinapita kumalo ena okonzera matayala komwe anachita balansi matayala onse anayi a pikapu, koma palibe chinasintha. Kenako munthu wina anandiuza kuti ndi mashokapu, ndipo ndinagula awiri akumbuyo, koma ulendo wotsatira zinali chimodzimodzi. Ndalama zikupita, ndipo sindikufuna kupitiriza kugula zipangizo mongoganizira. Kodi ndiyambire pati kuti ndidziwe ngati vuto lili pa ngolo kapena pa galimoto?

Dalaivala wopuma wa ku Dedza analemba kuti:

Bambo a ku Kamwendo, ine ndinayendetsa malole okoka ngolo kwa zaka zambiri, ndipo chomwe ndaona n'chakuti eni magalimoto amasamala matayala a galimoto n'kuiwala kuti ngolo nayo imayendera matayala. Mwachita balansi anayi, koma awiri a ngolo simunawatchule. Ngolo zambiri zimaimikidwa padzuwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo, kulemera konse kutatsamira malo amodzi a tayala, ndipo zikadzamangiriridwa nthawi yokolola matayalawo amakhala atalimba, ena atang'aluka m'mbali. Tayala lomwe waya wake wam'kati wayamba kulekana ndi labala likhoza kuoneka bwino ngolo ili yopanda kanthu, koma likasenza katundu n'kutentha limatupa mbali imodzi n'kumadumpha.

Kwezani ngoloyo ndi jeki, muike mwala kapena chidutswa cha thabwa pafupi kwambiri ndi tayala, kenako mulizungulitse ndi dzanja uku mukuyang'ana mpata wa pakati pa tayala ndi thabwalo. Mpatawo ukamakula n'kumachepa, ndiye kuti tayala latupa kapena limu inapindika m'maenje. Muligwirenso pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza kuti mumve ngati mabering'i ali ndi mpata. Pambali pa tayala pali manambala anayi omaliza pamzere umene umayamba ndi zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa. Muonenso ngati kumapeto kwa saizi kuli chilembo cha C, chosonyeza tayala lonyamula katundu wolemera, chifukwa matayala a galimoto zing'onozing'ono amene anthu amagula pa kaunjika n'kuika ku ngolo sanapangidwire katundu wotere.

Ndikufunsaninso za kapakiridwe. Matumba ambiri akakhala kumbuyo kwa ekiselo, ngolo imayamba kupukusa mchira uku ndi uku, ndipo zimenezo ndiye zoopsa kuposa kunjenjemera kulikonse. Zikakuchitikirani musaponde buleki mwamphamvu ndipo musalimbane nayo ndi chiwongolero; chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, chiwongolero chili chowongoka, mpaka ngolo itakhazikika.

Makaniko wa ku Biwi analemba kuti:

Zimene anena akuluakulu a ku Dedza nzoona ndipo muzichite, chifukwa sizilira ndalama. Komabe mmene mwafotokozera, ine sindikukhulupirira kuti gwero lenileni ndi matayala a ngolo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Chinthu chilichonse chozungulira pa galimoto chimanjenjemeretsa pa liwiro lakelake. Tayala la pikapu la saizi ngati 265/65R17 limayenda pafupifupi mamita 2.4 likazungulira kamodzi, kotero pa makilomita 80 pa ola limazungulira ka 9 pa sekondi. Tayala la ngolo la mainchi 13 ndi laling'ono, ndipo pa liwiro lomwelo limazungulira pafupifupi ka 12. Kugwedezeka kotere munthu amakumva ngati kudumpha kapena kugunda, ndipo amatha kuona bondo lake kapena botolo la madzi likuvina. Propshaft, chitsulo chachitali chija chotenga mphamvu kuchoka ku giyabokosi kupita ku difu (bokosi la magiya la pakati pa ekiselo yakumbuyo), imazungulira mofulumira pafupifupi kanayi kuposa tayala, ndiye kuti ka 35 kapena kuposerapo pa sekondi. Kunjenjemera kofulumira chotero sikudumphitsa munthu. Kumalira m'makutu, kumachititsa dzanzi kumapazi, ndipo kumasokoneza galasi loonera kumbuyo monga mwaneneramo. Mawu anu oti chigayo ndi amene andipangitsa kuloza pansi pa pikapu.

Funso lanu lenileni ndi lakuti n'chifukwa chiyani zimachitika pokhapokha ngolo ikadzaza. Kumapeto kwa propshaft kuli tizitsulo tooneka ngati mtanda totchedwa universal joint, amakaniko timangoti UJ. UJ ikamagwira ntchito itapindika, mbali yotuluka siizungulira mofanana: imafulumira n'kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse. Opanga galimoto amakonza kuti kupindika kwa UJ yakutsogolo ndi yakumbuyo kukhale kofanana, kuti zomwe ina yalakwitsa inzake izibweza. Malangizo odziwika ndi akuti kupindikako kusapitirire madigiri 3 pa liwiro lalikulu, ndipo kusasiyane ndi digiri yoposa imodzi pakati pa ma UJ awiriwo. Tsopano inu mukamangirira ngolo yolemera, kumbuyo kwa pikapu kumatsika, difu imasintha malo poyerekeza ndi giyabokosi, ndipo mukaponda moto masipuling'i otopa amapotoka n'kulola mphuno ya difu kuyang'ana m'mwamba. UJ yomwe inazolowera malo amodzi kwa makilomita 240,000 imakakamizidwa kugwira ntchito pamalo ena, itasenzanso mphamvu yokoka matani owonjezera. Ngati inali itauma kale, apa ndi pomwe imaonekera.

Anthu ambiri sadziwanso kuti kulemera kwa pa towbar, chitsulo chokokera ngolo chija, kumachulukitsidwa. Mpira wokokera uli pafupifupi mita imodzi ndi pang'ono kumbuyo kwa ekiselo, pamene ma ekiselo awiri a double cab atalikirana mamita atatu ndi pang'ono. Choncho makilogalamu 200 pa mpira amapanikiza matayala akumbuyo ndi makilogalamu pafupifupi 280, n'kupeputsa akutsogolo ndi pafupifupi 80. Onjezanipo matumba 6 aja.

Musanagule chilichonse, yesani izi pamalo athyathyathya opanda magalimoto ambiri, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha pa nthawi. Mukafika pamene kunjenjemera kwakula, chotsani phazi pa moto, kenako pondani kilachi kwa masekondi ochepa galimoto ikuyenda pa liwiro lomwelo. Kukatha kapena kukachepa kwambiri, matayala tawachotsa pa mlandu, chifukwa tayala lotupa silidziwa ngati mwaponda moto kapena ayi. Kenako yendani pa makilomita 70 mu giya yachisanu, mubwerezenso mu yachinayi. Kukasintha ndi giya, tiyang'ane injini, kilachi ndi malabala ogwira injini ndi giyabokosi, pakuti dizilo ikamakoka katundu mu giya yapamwamba injini ikuzungulira pang'onopang'ono kwambiri imagwedeza galimoto yonse. Kukakhala pa liwiro lomwelo mu magiya onse awiri, ndiye kuti ndi propshaft kapena difu. Chomaliza, chomwe ndimachikonda kwambiri, siyani ngolo kunyumba, mupakire matumba 10 kapena 12 m'pikapu momwemo, ambiri cha kuchitseko chakumbuyo, mpaka galimoto itatsika mofanana ndi mmene imatsikira ndi ngolo. Ikanjenjemera popanda ngolo, mlandu watha.

Mlimi wa ku Kamwendo analemba kuti:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Loweruka ndinayesa zonsezi pakati pa Kamwendo ndi Namitete m'mamawa, msewu usanadzaze njinga. Ndili ndi ngolo, nditaponda kilachi pa makilomita 72 pa ola, kunjenjemera kunachepa kwambiri ngakhale sikunatheretu, ndipo nditabwezera n'kuponda moto kunabweranso nthawi yomweyo. Mu giya yachinayi ndi yachisanu kunali pa liwiro limodzimodzi. Masana ndinamasula ngolo n'kupakira matumba 12 m'pikapu, ndipo galasi linachitanso mbuu pa makilomita 70, ngakhale osati mwamphamvu ngati ndi ngolo.

Koma a ku Dedza nawonso sanalakwitse. Tayala lakumanzere la ngolo lalembedwa 3816, kusonyeza kuti ndi la chaka cha 2016, ndipo nditalizungulitsa linkakhudza thabwa malo amodzi n'kusiya mpata wolowa chala malo ena. Ndinalowanso pansi pa pikapu n'kugwedeza propshaft ndi manja awiri, koma sindinamve mpata uliwonse pa ma UJ. Kodi zimenezi sizikusonyeza kuti ali bwino? Ndaonanso kuti propshaft yanga ndi ya zigawo ziwiri, ndipo pakati pali bering'i yokhala m'labala.

Wowotcherera ngolo wa ku Ndirande analemba kuti:

Ine ntchito yanga ndi yopanga ndi kukonza ngolo, kotero za propshaft ndiwasiyira a ku Biwi, koma pali zinthu ziwiri za pa ngolo zomwe sizinatchulidwe mokwanira. Choyamba ndi kulemera kwa pa mpira, komwe anthu amangoyerekeza ndi maso. Inu ndinu mlimi, ndiye sikelo yoyezera matumba muli nayo kapena mukhoza kubwereka. Pakirani ngolo monga mwa masiku onse, muiimike pamalo athyathyathya, muike miyala ku matayala, kenako muimike chidutswa cha mtengo pa sikelo kuti mutu wa ngolo, uja umavekedwa pa mpira, utsamirepo pa msinkhu wofanana ndi wa mpira wa pikapu. Kawirikawiri timafuna kuti pa mpira pakhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse kwa ngolo ndi katundu wake, koma osapitirira nambala yolembedwa pa kachitsulo ka pa towbar kapena m'buku la galimoto. Anyamata opakira amakonda kuyambira kutsogolo n'kusanja matumba mpaka pamwamba, chifukwa anauzidwa kuti katundu wa kumbuyo amapukusitsa ngolo, ndipo m'malo mwake amapitirira muyeso mbali inayo.

Chachiwiri ndi mutu wa ngolo womwe umakankha mabuleki. M'kati mwake muli kashokapu kakang'ono koletsa kuti mutuwo usamalowe ndi kutuluka mwachisawawa. Kakatha mphamvu, ngolo yodzaza imakankha pikapu, mabuleki amagwira, amasiya, n'kugwiranso, ndipo dalaivala amamva ngati wina akumukoka malaya n'kumamusiya. Izi zimamveka kwambiri potsika ndi pochepetsa liwiro, zomwe zikusiyana ndi zanu zomwe zikukula pokwera, komabe kankhani mutuwo ndi manja: uyenera kulowa molimba ndi kubwerera pang'onopang'ono. Muonenso kuti mpira ndi mutu ndi za saizi imodzi. Ngolo zambiri zochokera ku South Africa ndi ku Ulaya zimagwiritsa ntchito mpira wa mamilimita 50, koma ndaonapo mitu ya mainchi 2, omwe ndi mamilimita 50.8, itavekedwa pa mpira wakutha, ndipo imagogoda pa bampu iliyonse. Mukayenda makilomita 20, imani mukhudze pakati pa mawilo a ngolo. Mbali ina ikatentha kuposa inzake, pali bering'i kapena buleki yomwe ikugwira.

Makaniko wa ku Biwi analemba kuti:

Bambo, zotsatira zanu zalankhula momveka, ndipo kachidutswa kamene sikanathe mutaponda kilachi kayenera kuti ndi ka tayala lija la 2016. Pa funso lanu, yankho ndi lakuti ayi, kusowa kwa mpata sikutanthauza kuti UJ ili bwino. UJ imafa m'njira ziwiri. Ina imatha n'kumagwedera, ndipo imeneyo imadziulula yokha ndi kaphokoso koti go mukamalowetsa giya kapena mukamabwerera m'mbuyo. Ina imauma girisi, timasingano tam'kati timachita dzimbiri n'kugwirana, ndipo imeneyo ikakhala pa galimoto imaoneka yolimba kuposa yatsopano. Yotereyi ndi imene imapusitsa anthu, chifukwa pikapu ikakhala yopanda katundu imapindika pang'ono chabe ndipo siivuta, koma galimoto ikatsika imakana kupindika mpaka pomwe ikufunika. Yang'anani ndi tochi m'mphepete mwa timakapu take tinayi. Mukaona fumbi lofiira ngati la njerwa, imeneyo yapita.

Njira yotsimikizira ndi kutsitsa propshaft yonse. Ikani miyala ku matayala kaye, chifukwa mukaimasula giya siigwiranso galimoto. Musanamasule bawuti iliyonse, lembani mzere ndi penti pamene propshaft yakumana ndi difu, ndi pamene zigawo ziwirizo zalowana, kuti zidzabwerere momwe zinalili. Zigawozo zikalowana molakwika ngakhale ndi dzino limodzi, mudzakhala mwadzipangira kunjenjemera kwatsopano ndi zipangizo zatsopano. Ikakhala pansi, pindani UJ iliyonse mbali zonse ziwiri ndi dzanja. Iyenera kuyenda mosalala, popanda kugwira kapena kudumpha.

Bering'i ya pakatiyo ndiyo ndikuikayikira pa kugwedezeka kwa ponyamuka. Mu giya yoyamba mphamvu yopotoza propshaft imakhala yaikulu kwambiri, ndipo labala wake akang'ambika, pakati pa propshaft pamayendayenda mpaka galimoto itafika makilomita 20 kapena 30 pa ola. Muli pansi pomwepo, onani masipuling'i: ngati ena athyoka, ngati mabawuti aja ooneka ngati U amasuka, ndiponso ngati pa kalabala koletsa ekiselo kugunda chasisi pali malo owala osonyeza kuti kakhala kakugundidwa. Ena adzakuuzani kuti muwonjezere sipuling'i imodzi mbali iliyonse. Zimathandiza kunyamula, koma zimakweza galimoto ikakhala yopanda katundu n'kusinthanso kupindika kwa ma UJ, kotero musathamangire zimenezo musanayeze. Foni zambiri zili ndi pulogalamu yoyezera kupendekeka. Igonekeni pa propshaft ndi pa difu, galimoto ili yopanda kanthu ndiponso itasenza, mulembe manambalawo.

Mlimi wa ku Kamwendo analemba kuti:

Ndabwera kudzanena zomwe tinapeza, kuti wina wodzawerenga asagule mashokapu monga ndinachitira ine. Tinayamba ndi sikelo monga ananenera a ku Ndirande, ndipo mutu wa ngolo unalemera makilogalamu 215, pamene ngolo yonse ndi matumba ake ili cha m'ma 1,400. Titasuntha matumba atatu kuchoka kutsogolo kupita pamwamba pa ekiselo ndi kumbuyo kwake pang'ono, sikelo inatsika kufika pa 135, ndipo ndalemba mizere ya penti m'mbali mwa ngolo kuti opakira azidziwa pothera. Mutu wa mabuleki unali bwino, ndipo matayala onse awiri a ngolo ndasintha n'kuika a chilembo cha C.

Propshaft tinaitsitsa Lachiwiri ndi makaniko wa kuno kwathu. UJ ya ku difu inkapindika bwino mbali imodzi, koma mbali inayo inakana mpaka tinachita kuimenya ndi chigwiriro cha hamala. Titatsegula kakapu kamodzi munatuluka fumbi lofiira lokhalokha, timasingano titasanduka ngati mchenga, ndipo pa mwendo wa mtandawo panali timizere tozama tomveka ndi chikhadabo. Labala wa bering'i ya pakati anali atang'ambika pafupifupi theka, cha pamwamba pomwe sindikanaona ndili chogona pansi. Tasintha zonse ziwiri, ndipo mizere ya penti ija tinaitsata.

Dzulo ndinapita ku Kanengo ndi matumba 20 m'ngolo ndi anayi okha m'pikapu, omwe ndinawasunthira kutsogolo pafupi ndi kabini. Pa makilomita 70 mpaka 80 galasi linali loyera ulendo wonse ndipo makobidi aja anakhala chete. Chatsala ndi kugwedezeka pang'ono ponyamuka pa chitunda, kochepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Ndinayeza mpata wa pakati pa ekiselo ndi kalabala kaja pikapu itasenza: kumanja mukulowa zala zitatu, kumanzere chala chimodzi chokha, ndipo kumanzereko ndi komwe kuli malo owala. A ku Biwi, kodi pamenepa ndisinthe masipuling'i a mbali zonse ziwiri, kapena ndiyambe ndamasula akumanzerewo kuti tione ngati lina lathyokera pakati? Manambala a kupendekeka ndiyeza Loweruka likubwerali, ngolo ikadzaza, ndipo ndidzawalemba pano.